Diso la Wamkuwa ndi Mpanda Wake

Wokondedwa mwana wanga,

Landira moni wochuluka kuchokera kwa ine bambo ako. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija unkatsokomola pa foni chinatha? Nanga amuna ako, ndi kamdzukulu kanga kotuluka mano kaja? Kuno tadzuka. Amayi ako bondo likuwavutabe kukazizira, koma pakamwa ali bwino kwabasi. Ine ndili gwa, kupatula msongolo wa mwendo wamanzere. Za msongolowo usade nkhawa, uli ndi malo ake m'kalata muno ndipo tifikapo.

Usadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Pa foni iwe umathamanga, ine n'kutsala m'mbuyo ndikusakasaka mawu. Apa ndakankhira nsapato za anthu kumbali, ndapukuta guluu pa benchi, ndipo ndilemba momwe ndimasokera, kuboola kamodzi, kukoka ulusi kamodzi. Zilembozi ndidazidziwa imvi zitamera kale, choncho zikakhota uziwongole wekha.

Nkhani ndi ya masewera aja udatisiyira, a madayisi ndi nkhani zopeka. Mwana iwe, udatipatsa matenda! Udati tizitayirako nthawi Loweruka masana, koma pano sabata yonse timangowerenga masiku ngati ana. Nthawi ikangokwana ndimatseka chitseko cha kumsewu, ngakhale munthu aime pakhomo nsapato ili yasa m'manja, n'kulowa m'chipinda cha kuseri momwe muli tebulo la miyendo itatu ndi theka lija.

Nkhani akuyendetsa ndi Aphunzitsi opuma aja, ndi kope limene udawalemberamo malamulo. Amayi ako akadali Chimphona cha nkhwangwa, ndipo ukadawaona akamaponya dayisi, amachita kuimirira, bondo kuliiwala. Wometa woyandikana nafe akadali Woyimba, ngakhale tidamupempha kuti azingoti ndayimba, osayimba zenizeni. Ine ndine Wamkuwa, munthu uja wosulidwa ndi mkuwa. Ndipo bambo ako aang'ono ndi Wauta, wolasa mivi uja.

Pa bambo ako aang'onowa ndiime kaye, chifukwa kalata yonseyi ndi ya iwo.

Ukudziwa kuti ine ndi mng'ono wangayu tidatha zaka khumi ndi zinayi, tikakumana pamsewu aliyense n'kumawerenga mapolo a magetsi. Ndiwe udawakokera pa tebulo lija, n'kunama kuti anthu akuperewera. Ngakhale pa tebulopo sitinkalankhulana ngati ine ndi iwo. Olankhulana anali anthu athu a m'nkhani. Iwo ankati Wauta akuti Wamkuwa asunthe, akutchinga ndi mutu wake wa poto. Ine ndinkati Wamkuwa akuti Wauta aphunzire kaye kulasa. Ukhoza kuseka, koma mawu amenewo ndi ochuluka kuposa onse amene ndidamva kwa iwo m'zaka zonsezo.

Tsiku lina adabwera ndi kathumba, n'kukhuthulira pa tebulo tianthu tinayi timene adawotcherera okha ndi misomali ndi manati. Ntchito yowotcherera zitsulo adapuma, koma dzanja silidaiwale. Wamkuwa adamupanga ndi waya wa mkuwa weniweni, n'kumupukuta mpaka ngwee. Adangomukankhira kwa ine ndi chala, maso ali kwina.

Tsopano ndikuuze lamulo limene lidabadwa iwe utachoka. Vuto linali Wometa. Akamuuza kuti Woyimba wachita khungu, iye ankangoyang'anabe mapu pa tebulo, n'kumayenda molunjika ngati ali ndi maso anayi. Aphunzitsi adatopa naye, n'kulamula kuti zogwera munthu wa m'nkhani zizigweranso mwini wake. Wogonetsedwa tulo aziika mutu pa tebulo. Wotsekedwa pakamwa aziluma supuni. Wochita khungu azimanga nsalu kumaso. Amayi ako adasoka nsalu zinayi zakuda, zopinda kawiri, chifukwa Wometa amamudziwa.

Nsalu yachinayi, yangayo, inali isanagwirepo ntchito. Ukukumbuka pepala langa? Poti ndimawerenga mochedwa, udandijambulira zithunzi m'malo mwa mawu. Pakona yakumanja udajambula diso, n'kulizunguliza mpanda, ndipo udati chimenechi chikutanthauza kuti Wamkuwa palibe chomuchititsa khungu. Ine amene ndilibe setifiketi ya sukulu, diso limenelo ndidalisunga ngati setifiketi.

Ndiye Loweruka lina, m'nkhanimo tidatsikira m'phanga la pansi pa nsanja ina, kukatenga kiyi amene tinali titamusaka miyezi inayi, wotsekulira mtsinje umene udatsekeredwa mpaka mzinda wa m'nkhanimo kuuma. Nyale adanyamula ndi Woyimba. Aphunzitsi adatsitsa mawu, n'kunena kuti kudenga kwagwedezeka chinthu. Kadziwotche, mwana wanga, wamkulu ngati chitseko cha garaja! Adakupiza mapiko kamodzi, fumbi loyera koboo phanga lonse.

Aphunzitsi adati aliyense aponye dayisi ya mbali makumi awiri, wosafika khumi ndi ziwiri fumbi lamulowa m'maso. Amayi ako zinayi. Wometa zisanu ndi chimodzi. Bambo ako aang'ono ziwiri. Nsalu zitatu kumaso! Ine dayisi sindidaikhudze n'komwe. Ndidangotulutsa pepala, n'kuika chala pa diso la mumpanda, Aphunzitsi n'kuvomera ndi mutu.

Ha, ukadandiona! Anthu atatu ali tsonga ngati makasitomala a Wometa amene sopo wawalowa m'maso. Amayi ako akupukusa nkhwangwa m'malere, kutsala pang'ono kugwetsa ketulo. Woyimba akukuwa kuti wina amuuze komwe kuli khomo. Ine ndekha maso ali tong'o. Ndidati Wamkuwa akulumphira kadziwotcheyo ndi lupanga. Ndidaponya. Dayisi idagubuduka, kugunda kapu ya Aphunzitsi, kubwerera, n'kuima. Makumi awiri! Ndidakuwa mpaka mayi wogulitsa matumba panja adagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Aphunzitsi adati phiko ndalidula ndithu, koma lagwera pa nyale ya Woyimba. Nyale idazima. Mdima wa ndiweyani.

Apa ndi pomwe zidayambira. Pansi pa nsalu padatuluka mawu a bambo ako aang'ono, ati Wauta akuti tsopano Wamkuwa nayenso amange yake. Ine ndidati Wamkuwa akuti Wauta awerenge pepala, ngati akuona. Iwo adati mpanda umatchinga zolowa, monga fumbi, mchenga, kapena kuwala kothobwa m'maso, koma mdima sulowa m'diso la munthu, ndi kuwala kumene kwachoka. Adati awotcherera zitsulo zaka makumi atatu, galasi lakuda lidawatetezera maso ku moto uja, koma magetsi akazima m'shedi ankapunthwa ngati wina aliyense.

Ine ndidati amenewo ndi malamulo a m'shedi, si a mwana wanga. Ndidati chilichonse chondiletsa kuona chandichititsa khungu, kaya ndi fumbi kaya ndi mdima, ndipo mwana adajambula mpanda wopanda geti.

Wometa adaloweramo nsalu ili kumaso, ati iye amameta anthu kunkhongo komwe eni ake saonako, koma sanamvepo wina akupatsidwa ndodo chifukwa cha zimenezo. Palibe adamvetsa kuti ali mbali ya yani. Amayi ako adati tifulumire, nsalu ikuwatentha, ndipo akamasula wina aona nkhwangwa yeniyeni.

Aphunzitsi adatsegula kope lako, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso. Munali mzere umodzi wokha, womwe udandiuza uja. Za mdima munalibe. Adagamula mondikomera, kuti Wamkuwa akuonabe.

Kenaka adati pansi pa phanga payamba kung'ambika, ndipo ndatsala ndi mwayi wochita chinthu chimodzi chokha. Adaloza pa mapu ndi chala mwakachetechete, poti woona ndinali ndekha. Kumanzere, kiyi uja akung'anima pa mwala. Kumanja, Wauta ali m'mphepete mwa mng'alu, akuitana. Ndipo bambo ako aang'ono adaitanadi, mwana wanga, ndi pakamwa pawo. Adati Wamkuwa, ndili kuno.

Ndidatola kiyi.

Ndinkati Wautayo ndimukoka ulendo wotsatira. Koma Aphunzitsi adaponya dayisi yawo kuseri kwa katoni, n'kunena kuti pansi pagumuka ndipo Wauta wapita nazo.

Bambo ako aang'ono adamasula nsalu pang'onopang'ono, adaipinda bwinobwino, n'kuiika pa tebulo. Adatola kawauta kawo ka misomali, kukaika m'thumba la malaya. Kenaka adandiyang'ana m'maso, koyamba m'zaka zonsezi, osadzeranso mwa Wauta. Adati achimwene, mukadakhala mu mdima ngati ife, kiyi simukadamuona, mukadangomva mawu anga. Adatuluka tiyi wawo osamutha.

Sabata imeneyo ndidauma mutu, sindikubisira. Aliyense wobwera ndi nsapato ndinkamuzenga mlandu womwewo. Mlonda wa ku sitolo ya matayala nditamufunsa ngati mdima ndi khungu, adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti ndigule tochi.

Loweruka lotsatira mpando wa bambo ako aang'ono udali wokha. Tidasewera atatu. Mtsinje tidautsekula, mzinda wonse kuvina, Aphunzitsi kuchita kuimba ng'oma ndi pakamwa, koma zonse zinali ngati nsapato yopanda inzake. Amayi ako, dzuwa litapendeka, adangoti Chimphona chikuganiza zomuponya Wamkuwa mu mtsinje womwewo.

Tsopano tafika pa msongolo. Lolemba masana, dzuwa likuswa mtengo, ndidalowa m'kachipinda kosungira zikopa, kopanda zenera kaja. Babu lidapsa kalekale, timangosiya chitseko chotsekula. Mphepo idachikankha, gwaa! Ndidatembenuka, kuponda kamodzi, kuponda kawiri, n'kugunda chinthu ndi msongolo mpaka misozi kulengeza.

Ndidakhala pansi ndikusisita mwendo, ndipo ndi pomwe nzeru zidandipeza. Maso anga ndi abwino, ulusi ndimalowetsa pa singano popanda magalasi. Palibe adandiwaza fumbi. Mpanda wanga unali wathunthu. Koma dzanja langa lomwe sindinkaliona! Mwana wanga, ndidaseka ndekha mu mdimamo ngati wopenga. Wowotcherera uja adanena zoona. Ndidalakwa ndine!

Ndipo chibadwire sindinakondwerepo ndi kulakwa ngati tsiku limenelo. Tamvera bwino momwe ndidasokera maganizo ake. Ngati Wamkuwa sankaona, kiyi sadamutole. Ngati sadamutole, ulendo umene uja ndi wobwereza. Ndipo ukabwerezedwa, Wauta akadali m'mphepete muja, wamoyo, akuitana!

Kenaka ndidapapasa kuti ndidziwe chandigunda. Linali bokosi la agogo ako.

Apa cholembera chikulemera, koma ndipitiriza. Iwe umadziwa kuti tidayambana chifukwa cha bokosi la zida limene ndidatenga agogo ako atamwalira, mng'ono wanga ali kutali ku ntchito. Ndakhala ndikukuuzani nonse kuti wosoka nsapato ndine, choncho zida zinali zanga. Zikombole za nsapato ndi masingano, inde. Koma nyundo ija ya chigwiriro chakuda agogo ako adati ndi ya mng'ono wanga, chifukwa ndi imene adamuphunzitsira kumenya chitsulo ali wamng'ono. Adanena ine ndili pomwepo. Ndidamva ndi makutu angawa. Mng'ono wanga atabwera kudzafunsa, ndidati sindidamve.

Nyundoyo sindidakhomerepo ngakhale msomali umodzi. Yangokhala mu mdima zaka khumi ndi zinayi. Amayi ako ndidawauza Lolemba lomwelo. Iwe ndikukuuza lero, ndipo ukandichepetsera ulemu sindikudandaula.

Chitseko nditachipeza ndidayamba kuthamangira kwa Aphunzitsi, ndikutsimphina. Ndidati bwezani ulendo uja, wolakwa ndine. Adati ayi. Adati adagamula kale, ndipo m'kalasi mwawo wolephera mayeso sankakhoza chifukwa choti mnzake wamumvera chisoni. Akabweza lero, mawa Wometa abwera ndi misozi kuti Woyimba abwezeredwe gitala yake imene idagwera m'chitsime, imene tonse tidathokoza itagwa. Koma adati njira ilipo imodzi. Bukhu lalikulu la malamulo lili ndi iwe, ndipo kope udalemba ndiwe. Mwini malamulo akalemba kuti chigamulo chidaphonya, iwo abweza popanda manyazi.

Ndidabwerera ku shopu, kukulunga nyundo m'nyuzipepala, ulendo kwa bambo ako aang'ono. Ndidawapeza pakhonde akuwongola wilibala ya oyandikana nawo. Ndidaika chokulungacho pa tebulo lawo lachitsulo. Mawu onse amene ndidakonza m'njira adathawa. Ndidangoti Wamkuwa wanditumiza.

Adatsegula nyuzipepala, adaiyang'ana nyundoyo nthawi yaitali, adaipima m'dzanja, n'kugogoda nayo wilibala kawiri. Adati chigwiriro chauma, munthu wosunga chinthu osachipaka mafuta ndi munthu wotani. Ndidati ndi wamkuwa. Sadaseke, koma ndevu zidagwedezeka. Pamenepo ndidasiya kubisala kumbuyo kwa waya. Ndidati mng'ono wanga, zomwe bambo adanena ndidamva, ndipo ndidakunamiza. Adati amadziwa. Nyundo sadandibwezere.

Za masewera adati safuna kuukitsidwa ndi chifundo, Wauta si wopemphapempha. Ngati lamulo likuti adafa, adafa basi, ndipo iwo pa tebulo la anthu oona mu mdima sakhalaponso. Koma mwana akalemba ndi dzanja lake kuti Wamkuwa saona nyale ikazima, abwera Loweruka, ndipo nsalu ija adzandimanga okha. Ati adzamanga mfundo ya wowotcherera, yoti makutu alire.

Ndiye ndi zimenezi, mwana wanga, ndagwira mwendo wako. Tsegula bukhu lalikululo pomwe pali za khungu ndi pomwe pali za mdima. Uwerenge modekha. Yankho ulembe ndi dzanja lako, zilembo zazikulu, ulijambule, utumize pa foni ya Aphunzitsi lisanafike Loweruka. Kalatayi ndipatsa woyendetsa basi ya m'mawa kuti isagone panjira.

Sindikuti uname, bodza ndasenza kale lokwanira banja lonse. Koma ukapeza tsamba lonena kuti wolondola ndinali ine, usafulumire kulemba. Bukhu lalikulu chotero silikhala ndi tsamba limodzi.

Ine kukonzeka ndayamba kale. Masana makasitomala akachepa ndimamanga nsalu yanga, amayi ako n'kuima pakona ina ya shopu kumaitana, ine kumawalondola. Ndaphwanya kapu imodzi, ndipo dzulo ndidakumbatira bambo wina amene adabwera kudzatenga nsapato za ukwati. Wometa akuuza msewu wonse kuti guluu wandilowa m'mutu. Koma lero amayi ako ndawapeza katatu osagunda kanthu!

Aphunzitsi akuti zonsezo dayisi sizidziwa. Ati tikabwereza, mu mdima ndidzafunika khumi ndi zisanu kuti ndimugwire Wauta, ndipo kiyi uja akhoza kugwa ndi phanga, miyezi inayi n'kupita pachabe, mtsinje n'kutsekekanso. Wometa atamva adagwira mutu. Ine ndidati agwe. Mtsinje udikire.

Upereke moni kwa amuna ako ndi kwa apongozi ako, ndipo kamdzukuluko ukapsompsone pamphumi m'malo mwanga. Amayi ako akupereka moni, ati uwatumizire dayisi ina chifukwa yawo yatha mphamvu. Aphunzitsi akupereka moni. Bambo ako aang'ono sadanditume, koma ndikutuluka pageti adafunsa ngati chifuwa chako chinatha, ndiye amenewo uwawerenge ngati moni.

Mulungu akusunge, akudalitse pa ntchito yako, ndipo akupatse maso abwino powerenga bukhulo. Mipando ndaika kale isanu.

Ndine bambo ako okukonda,
Wosoka nsapato, mwini Wamkuwa.